Mukupita ku Zomba Osandifunsa?

Khalani pansi nonse. Iwe wamandevu, chotsa tizingwe tili m'makututo. Iwe mkazi mnzanga, foniyo uiike chafufumimba pamphasapo. Nkhani imene ndakuitanirani ndi yolemera, ndipo aliyense woseka ndimulanda chitenje chimene ndidamulonjeza.

Zamveka kuti mwapangana ulendo wa ku Zomba, wokaona mzinda wakale ndi kukalawa zakudya za kumeneko. Mwakhala mukunong'onezana pa WhatsApp, mwasonkha ndalama, mwasankha msungichuma, mwalemba ndi ndondomeko yomwe. Koma palibe ndi mmodzi yemwe amene wabwera kudzagwada pano n'kunena kuti, "Agogo, inu mudakhalako ku Zomba, tatiuzani." Ine ndazimvera kwa chitsirizira wa azakhali anu, mwana wa Sitandade 3, amene ndamugula ndi chitumbuwa chimodzi chokha. Safunsa adadya phula, ana inu.

Pepala lanulo wandiwerengera mwana yemweyo. Akuti kunyamuka ku Lilongwe Loweruka 6 koloko m'mawa, kufika ku Zomba 9 koloko. Ndani mwa inu adaionapo 6 koloko ya Loweruka ndi maso ake? Iwe wamandevu, amene amako amachita kukuvundukula bulangete dzuwa lili paliwombo? Nanga maola atatuwo wakuuzani ndani? Mtunda wake ndi makilomita pafupifupi 300. Mudutsa Dedza, muima pa Lizulu poti palibe amene amadutsa pa Lizulu osaima, mudutsa Ntcheu ndi Balaka, muwoloka Shire pa Liwonde, kenako mukwera zitunda za Machinga muli pambuyo pa thiraki yolemedwa imene simungathe kuipitirira. Foni yanuyo mtunda imaudziwa, koma mbuzi za pamsewu siizidziwa, marodibuloko siiwadziwa, ndiponso siidziwa kuti mchemwali wanuyu sangayende ola lathunthu osapempha kuti galimoto iime. Mukafika nthawi ya nkhomaliro, muthokoze Mulungu.

Ndiye mwandandalika malo 14 oti muone m'masiku awiri, alionse ndi mphindi zake: apa 20, apa 15, apo 10. Kodi mukukacheza kapena mukukagawa makalata? Malemu agogo anu aamuna ndiwo adali mesenjala wa boma mu Zomba momwemo, kabudula wa khaki, njinga yakapalasa, chikwama cha makalata paphewa, koma ngakhale iwo ankatsika panjinga n'kupereka moni. Tidakhala kumeneko mpaka likulu litasamukira ku Lilongwe mu 1975, ndipo n'chifukwa chake inu mudabadwira ku Kawale m'malo mwa ku Chinamwali. Tsono tcherani khutu.

Nyumba ya Masongola mwaipatsa mphindi 10, ndipo pambali pake mwalemba kuti "zithunzi basi". Nyumba imeneyo idamangidwa mu 1886 ndi John Buchanan, mzungu wa ku Scotland amene ankalima khofi m'mphepete mwa phirilo. Harry Johnston atabwera mu 1891 adakhala m'menemo n'kumalamulira dziko lonse lino, ndipo kuyambira pamenepo Zomba idakhala likulu zaka 84. Munda wa mitengo ndi maluwa uli pafupipo, m'mbali mwa mtsinje wa Mulunguzi, adauyambitsa Alexander Whyte m'zaka zomwezo, pofuna kuyesa mbewu zimene zingachite bwino kuno. Maina a azunguwo muwapeza m'mabuku. Amene adaponda dothi, kuumba njerwa, kuziotcha ndi kuzisenza pamutu kukwera nazo chitundacho, maina awo palibe adawalemba. Mukakaima pakhonde paja mukagwire njerwa imodzi ndi dzanja, mukayambe mwakhala chete pang'ono, kenako muzikatukula milomo yanuyo kuti akujambuleni.

Nyumba ya Malamulo yakale simunaipatse ngakhale mphindi, akuti mungoiona muli m'galimoto. Ana osaopa inu! M'nyumba imeneyo, mu September 1964, patangopita miyezi iwiri chilandirireni ufulu, ndi mmene kusamvana kwa Kamuzu ndi nduna zake kudaonekera poyera. A Kanyama Chiume, a Orton Chirwa, a Augustine Bwanausi ndi mayi Rose Chibambo adachotsedwa, ndipo a Masauko Chipembere, a Yatuta Chisiza ndi a Willie Chokani adatula pansi maudindo. Zaka 30 zotsatira zidapendekeka chifukwa cha masiku amenewo. Likulu litasamuka, aphungu ankabwererabe ku Zomba kukakumana mpaka 1994.

Ndipo dziwani kuti pa nthawi yathu mawu oti "apita nawo ku Zomba" sankanenedwa moseka. Ukamva choncho unkayamba wafunsa chapansipansi ngati ndi kundende kapena kuchipatala cha odwala maganizo, poti zonse ziwiri zili komweko. Ndende yaikulu ija idamangidwa mu 1935. A Orton Chirwa adamwalirira m'menemo mu 1992, ndipo akazi awo a Vera adatuluka chaka chotsatira. Kunja kwa tauni kuli Mikuyu, kumene adatsekera a Jack Mapanje, mphunzitsi wa pa Chancellor College, kuyambira 1987 mpaka 1991 popanda kuwazenga mlandu. Pamalo otere simukavina gule wanu wa TikTok uja, wogwedeza mapewa foni ili pamwala. Mukadutse mwaulemu. Chimodzimodzi pa chipilala cha njerwa zofiira chokhala ndi wotchi, pafupi ndi Cobbe Barracks mumsewu wa ku Blantyre. Chimenecho n'chokumbukira asilikali a King's African Rifles amene adafa pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918, nkhondo imene idameza ndi amtengatenga omwe, anthu ogwidwa m'midzi kuti azisenza katundu wa asilikali. Chipewa ukavule, iwe. Ndipo poti pamenepo ndi pakhomo pa asilikali, mukayambe mwapempha musanatulutse foni. Ine ndakalamba, sindingathe kukakupepeserani.

Pali nyumba imodzi yodziwika bwino mu Zomba imene simunailembe n'komwe: ya MANEB, kochokera mayeso. Chifukwa chake ndikuchidziwa. Sinditchula munthu dzina, ndangoyang'ana kumanzere kwangaku.

Tsopano za kuphiri. Ndaona zovala zimene mwayala pabedi. Iwe mkazi mnzanga, nsapato za gogoda zija ukufuna ukapondere nazo chiyani? Nanga kamalaya kopanda manja kaja? Phiri la Zomba nsonga yake imapitirira mamita 2,000. Mwezi wa June kapena July chiperoni chikatsika, nkhungu imakuta zonse, kamvula kowaza kamalowa mpaka m'mafupa, ndipo munthu suona ngakhale mnzako amene wayandikana naye. Tengani majuzi, tengani nsapato zotseka, aliyense ndi chitenje chake, inde ndi anyamata omwe. Chitenje ndi chofunda, ndi mphasa, ndi chomangira katundu wa kumsika.

Mwalemba kuti Emperor's View mphindi 15, Queen's View mphindi 15. Malo oyambawo adawatcha choncho chifukwa Haile Selassie wa ku Ethiopia adaimapo mu 1965, ndipo mpaka lero ma Rasta amakwera kukapemphera pamenepo. Enawo ndi a mayi ake a Mfumukazi Elizabeth, amene adafikapo mu 1957. Kukacha bwino, pamenepo umaona tauni yonse pansi pako, nyanja ya Chilwa ikunyezimira chakum'mawa, ndi phiri la Mulanje litatundumuka kutali uko. Koma nkhungu silemekeza pepala lanulo. Mukhoza kufika n'kupeza poyera mbee, osaona kanthu. Wanzeru amakhala pansi, n'kusenda nthochi, n'kudikira kuti mphepo ikankhe nkhunguyo. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Inu mukangoti, "Apa palibe chilichonse," n'kuthamangira ku damu la Mulunguzi, n'kuthamangiranso ku mathithi a Williams, ngati nkhuku zimene zaona mphamba.

Mukatenge mmodzi mwa anyamata operekeza alendo amene amakhala pamwamba pomwepo, ndipo mukamulipire bwino. Google Maps yanuyo idzakusiyani pamphambano netiweki ikathawa, koma mnyamatayo amadziwa kanjira kalikonse. Akakufikitseni ku dzenje la Chingwe, kumene akuluakulu amati mafumu akale ankaponyako adani awo. Musakasuzumire mopikisana. Akakuonetseninso njira yotchedwa Potato Path, imene alimi ankatsikira atasenza mbatatesi kupita nazo kumsika wa m'tauni. Amayi amatsikabe m'njira zotere ndi mitolo ya nkhuni yaitali kuposa msinkhu wawo. Mukakumana nawo, apatukireni ndinu. Si iwo oti azikulambalalani inu chifukwa mukudzijambula. Mukaonanso zitsa zambirimbiri pamene padali paini wothithikana, musakadabwe, phirilo lametedwa koopsa. Ndipo anyani a kumeneko alibe manyazi. Jumbo ya buledi ukaigwira molekerera, wapereka chopereka.

Koma zonsezi n'zazing'ono. Chimene chandiimitsa mutu ndi tsamba lachiwiri, lija mwalitcha la zakudya. Loweruka masana pizza. Loweruka madzulo burger. Lamulungu m'mawa khofi wa thovu. Lamulungu masana pasta. Mwanayo atawerenga ndinamuuza kuti abwereze, ndimayesa makutu anga ayamba kundinamiza. Mukawotche mafuta a makilomita onsewo kuti mukadye zomwe mumadya ku City Centre mwezi ukatha? Sindikuti ophika zimenezo saphika bwino. Koma mukabwera n'kumauza anzanu kuti mwalawa Zomba, ine ndidzaimirira pakati pa anthu n'kukutsutsani.

Chakudya cha Zomba chili mumsika waukulu, ndipo kumeneko mukapite m'mawa, mimba ili pululu. Mukayambire kunsomba, fungo lokha likakulondolerani. Nsomba za kumeneko zambiri n'za m'nyanja ya Chilwa: matemba, makumba ndi milamba. Matemba abwino sachita kufunsa. Umatapa pang'ono m'manja, n'kuwapukusa, n'kuona ngati pansi patsala mchenga. Umathyola limodzi: likathyoka kuti thyo, ndiye kuti lauma bwino, koma likapindika n'kumanunkha chinyezi, pita pa mulu wina. Kenako umalawa, pamaso pa mwini wake pomwepo, palibe amene angakuletse. Mlamba wowamba uzikhala wouma mpaka kumutu, ndipo uugogode pang'ono kuti uone ngati mulibe tizilombo. Matemba amenewo ukawakazinga pang'ono, n'kuthira tomato ndi anyezi, kapena kuwatendera ndi nsinjiro, nsima ya mgaiwa ili pambali, ngakhale iwe wamandevu udzaiwala kuti pali chinthu chotchedwa burger.

Mukachoka apo mupite kumpunga. Madambo a Chilwa ndi a mpunga, ku Likangala ndi ku Domasi kuli masikimu ake. Mpunga sagula ndi maso okha. Umatapa, n'kuupumira mpweya wofunda wa m'kamwa, n'kununkhiza. Wonunkhira umadziulula wokha. Uonenso ngati suli woswekasweka ndiponso ngati sanausakanize ndi wina. Mukakapeza nandolo wamuwisi mukagule. Mukafunse makaka, chinangwa chouma chija Alhomwe amaphika pamodzi ndi nandolo. Mukafunsenso kalongonda, koma mukadye wophikidwa kale ndi mayi wodziwa ntchito yake. Nyemba imeneyo imafuna kuwiritsa nthawi yaitali ndi kutaya madzi kangapo, apo ayi imazunguza mutu. Iwe amene umapsereza ndi madzi a tiyi omwe, usakayerekeze kugula wosaphika kuti udzayesere kuno.

Nkhomaliro mukadyere m'timalesitilanti ta mumsika momwemo. Kasankhidwe kake n'kosavuta: yang'anani kumene akudya akabaza ndi madalaivala a minibasi. Anthu amenewo ndalama yawo ndi ya thukuta, sabwerera kawiri pamalo pamene ndiwo zake n'zogona. Mukasambe m'manja, mukadye ndi manja, ndipo nsima mukaidye ikadali yotentha. Khalidwe lanu lija loimika aliyense kuti asagwire mbale mpaka mutaijambula kumwamba, kumbali ndi chapansi, nsima n'kuchita kuuma khungu, mukalisiye pa Liwonde. Mukatha apo mupeze thobwa wa mawere ndi chigumu cha nthochi. Masitiroberi, mabulosi ndi magalagadeya amene anyamata amagulitsa m'timabasiketi mumsewu wa kuphiri, amenewo ndakulolezani, n'zokoma ndithu. Mukangowatsuka kaye ndi madzi abwino, chifukwa ulendo wobwerera ndi wautali ndipo zimbudzi za m'njira mukuzidziwa.

Kumsikako mukakhale anthu. Moni kaye, mtengo pambuyo. Mayi wogulitsa tomato si chipilala choti mungomuloza ndi foni. Mupempheni, ndipo akakana, wakana. Akalola, mugule kanthu. Kunenerera n'kololedwa, ndi mwambo wa msika, koma pali malire. Ndidakuonani inu mukulipira khofi kapu imodzi mtengo wa nkhuku osatsinya ndi nkhope yomwe, ndiye mukalimbane ndi gogo mnzanga pa mulu wa therere mpaka thukuta? Mukalankhula naye bwino, basera adzakuikirani yekha. Mutenge ndalama zosinthasintha m'thumba, si aliyense amene angalandire za pafoni. Kumbukiraninso kuti dera limenelo Asilamu ndi ambiri, mzikiti uli pakatikati pa tauni. Mukavale modzilemekeza, ndipo musakafunse nyama ya nkhumba paliponse pamene mwaona utsi wa kanyenya.

Nyanja ya Chilwa mwaipatsa ola limodzi Lamulungu masana, kupita ndi kubwera. Kufika padoko la Kachulu ndi makilomita pafupifupi 30, ndipo msewu wake suthamangika. Nyanja imeneyo ndi yosaya, mitsinje imangothiramo koma palibe wotulukamo, n'chifukwa chake mvula ikavuta zaka zotsatizana imaphwa. Idaphwa mu 1968 ife tikuona, matemba adasowa mumsika, anthu n'kumayenda pansi pamene padali madzi. Idaphwanso mu 1995, ndipo mu 2018 mabwato adagona pamatope. Asodzi ena amakhala pamadzi pomwepo, m'tinyumba toyandama totchedwa zimbowera. Malo otere amafuna tsiku lawolawo, ndi bwato lokafika pa chilumba cha Chisi. Pa ulendo uno afufuteni. Mukadzakula nzeru mudzapitenso.

Bajeti yanu ndaionanso. Bandulo ya intaneti mwaiikira ndalama zambiri kuposa kamba wa panjira. Kamba mulibe n'komwe. Ife tinkati tikamayenda, usiku wake tinkakazinga mtedza ndi chimanga, kuphika mbatata, kuthira thobwa m'chigubu. Inu mukudalira kuti muzikagula chilichonse pawindo la galimoto, ndiye pofika pa Balaka msungichuma wanuyo adzakhala atayamba kale kuyankhula mokalipa. Ndalama yapadera ya tayala likaphulika mulibenso. Mwaika ya loji yokhala ndi madzi otentha, ndipo pamenepa mpamene pali mlandu wina. Ku Chinamwali kuli abale anu, ana a mlongo wawo wa agogo anu aamuna. Mukufuna mukagone mu Zomba usiku wathunthu, mukajambulitse, zithunzi zikayende pa Facebook, iwo akazione pafoni ya mwana wa neba, osawaonekera? Mukufuna pa maliro otsatira anthu azidzandiloza ine? Kugona kagoneni kulojiko, ndikudziwa kuti mphasa misana yanu siigwirizana nayo. Koma mukapite kukawaona, mutanyamula shuga, sopo ndi mchere, mukakhale pansi, mukafotokoze za kuno mmodzimmodzi mpaka za mwendo wangawu. Akakuphikirani mukadye, ngakhale mutakhuta. Imeneyo ndiye nsima ya ku Zomba yeniyeni, ndipo pa pepala lanu palibe.

Tsono tengani cholembera. Pa malo 14 aja musiyepo ochepa oti miyendo ndi mitima yanu ingakwanitse: tauni yakale ndi msika tsiku loyamba, madzulo ake ku Chinamwali, phiri tsiku lachiwiri, ndipo mukatsike dzuwa likadalipo kuti Machinga mukadutse kukuwala. Pizza imodzi ndakusiyirani, mukagawane nonse, kuti musadzati agogo ndi ankhanza.

Chotsala ndi chindapusa cha kusafunsa kuja. Mundibweretsere matemba a ku Chilwa odzaza chigoba cha malita asanu, milamba yowamba iwiri ikuluikulu, ndi mpunga wonunkhira wosasweka. Ndidzaununkhiza ndekha pakhomo pano musanatsitse zikwama, ndipo mukadzandigulira wa m'sitolo ya ku Lilongwe n'kuuthira m'jumbo ina, ndidzadziwa. Ndalama yake musandiyang'ane ine, muchotse pa bandulo ija.